Dzino la Patebulo

Ndinalowa nditagwira tsaya,
girizi wa njinga adakali m'zikhadabo.
Masabata atatu osaona tulo.
Adyo ndinayesa, madzi amchere ndinayesa,
a m'batire aja amene Lakisoni amawalumbirira
ndinangotsala pang'ono.

Ndinati, zulani adokotala, lipite.
Mayi Shawa anapukusa mutu.
Mbali ino lotafunira mwatsala nalo limodzi, a Daka.
Mukalitaya, chimanga chootcha
muzidzangochionera m'manja mwa anzanu.

Ananditumiza ku Lusaka kukalijambulitsa.
Luangwa ndinawoloka nditatupa ngati ndabisa bango mkamwa,
ndalama ya matayala asanu ndi limodzi
inathera pa chithunzi chimene sindinachigwire n'komwe.
Akuti chinatsogola pa foni.

Nditabwerera ku Chipata
ndinapeza dzino langa lili patebulo.
Ndinayendetsa lilime mkamwa. Lilimo.
Koma nalo apo, loonekera mkati ngati botolo.
Kamakina ka pakona, konga uvuni wa masikono,
kanalimanga usiku wonse, mzere pamwamba pa mzere,
momwe chiswe chimakwezera chulu.
Malaiti atathima pakati pa ntchito
anangoyambiranso.

Analikweza pawindo loyang'ana phiri la Kanjala.
Onani, mizu itatu, koma njira zinayi.
Ziwirizi zilibe mlandu.
Yachitatu yapendama pang'ono.
Yachinayi yabisala kumbuyo kwa inzake,
yopyapyala kuposa waya wa buleki,
ndipo yakhota kawiri
ngati kanjira ka ozembetsa shuga ku Mwami.
Ululu wanu ukukhala m'menemo osalipira lendi.

M'kambale munali ena awiri, onsewo ine ndemwe.
Loyamba analiboola n'kutulukira m'mbali.
Lachiwiri kachitsulo kanathyokeramo,
kakuoneka ngati munga m'chidendene.
Anatero osagwetsa nkhope:
ndalakwitsa kawiri muno
kuti ndisakalakwitse mwa inu.

Apo mawu anandithera.
Zaka makumi awiri ndi zitatu ndili pa Kapata
ndikuwongola marimu pansi pa mtengo womwewo.
Ndinaphunzirira pa njinga za eni.
Masipoku amene ndinathyola ndi angati
n'kunamizira dzimbiri?
Mphunzitsi wina anayenda wapansi mpaka ku Mchini
chifukwa cha dzanja langa losadziwa,
ndipo ndinamulipiritsa.

Lachinayi ndinagona pampando nditayasama.
Tsaya dzanzi, mlomo ngati wobwereka.
Kudenga kunali banga la mvula ya chaka chatha,
ndinaliloweza lonse.
Dzino la pulasitiki analiika pafupi ndi chigongono.
Amati akaliyang'ana, n'kubwerera mkamwa,
akaliyang'ana, n'kubwerera,
ngati mlendo wofunsa njira kwa mwana wa pamalopo.
Panja wina ankaliza belu la njinga,
ndinamva kuti sipuling'i yake yatha.
Ola lachiwiri likupita
anapumira m'kansalu kakukamwa:
ndakupeza.
Sankauza ine.

Potuluka ndinapempha lija lothyokera chitsulo.
Anaseka. Labwinoli bwanji?
Ndinati labwino ndili nalo kale.

Likukhala m'chitini cha mabelingi tsopano,
lada ndi girizi mbali imodzi.
Tiyanjane, mwana wa mlongo wanga
amene ndikumuphunzitsa ntchito,
anaganiza kuti ndi chithumwa.
Sindinamuyankhe.
Ndinapita kuseri, pa mulu wa zotaya,
ndinasolola gudumu lopindika la njinga yakufa.
Gwira sipanala, yamba ndi ili.
Thyola mpaka dzanja limve
pamene chitsulo chimati basi.

Wathyola asanu ndi awiri kuyambira m'mawa.
Ine ndakhala pa ndowa yovundikira,
ndikukukuta chimanga cha kwa mayi Njobvu
kumanzere,
pang'onopang'ono,
ndisanakhulupirire kwenikweni.